Munafika liti? Mbiri ya nyumba, msonkho ndi malipiro ku Santa Clara

Munthu akafuna kudziwa ngati dera lina n'labwino kukhalamo, mafunso ake amakhala atatu: nyumba zikugulidwa zingati, msonkho ukuluma bwanji, nanga anthu a kumeneko amalandira zingati. Ku America mayankho a mafunso amenewa amawasonkhanitsa kaunti ndi kaunti, ndipo kaunti ndi chigawo chofananako ndi boma monga la Zomba kapena la Dedza. Tikafunsa mafunso atatuwa za Santa Clara County, ku California, mayankho ake amakokana. Banja la pakatikati limapeza madola opitirira 150,000 pa chaka, kuwirikiza kawiri zomwe banja lotere limapeza m'dziko lonse la America. Msonkho wa nyumba ukuoneka wofatsa, pakuti lamulo limati dola imodzi pa madola 100 alionse a mtengo wa nyumbayo, n'kuwonjezerapo kangachepe kobwezera ngongole zimene ovota anavomereza. Koma mu 2024 nyumba wamba ya banja limodzi inkagulidwa pafupifupi madola 2 miliyoni, ndipo kalembera wa mu 2023 anapeza anthu 9,903 opanda pogona. Ambiri amangotenga manambalawa, kuwaika pa sikelo, n'kugamula kuti deralo n'lokwera mtengo koma malipiro ake amakwanira. Ine ndikuti kuwerengera kotere n'kosokoneza, chifukwa manambala atatuwa sakunena za munthu mmodzi. Ku Santa Clara mtengo wa nyumba, msonkho ndi kukwanira kwa malipiro zimadalira kwambiri chaka chimene munthu, kapena makolo ake, anafika n'kugula nyumba. Kuti timvetse zimenezi tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 80.

Mu 1940 kaunti yonseyi inali ndi anthu 174,949, ndipo chuma chake chinali zipatso. Chigwa cha pakati pa mapiri a Santa Cruz ndi a Diablo chinali chodzaza ndi minda ya mapulamu oumitsa, maapurikoti, matcheri ndi mapeyala, ndipo mzinda wa San Jose, umene Asipanishi anauyambitsa mu 1777 pa dziko la anthu a mtundu wa Ohlone, unali likulu la mafakitale oika zipatso m'zitini monga a Del Monte. Anthu ankachitcha Valley of Heart's Delight. Tisachikometsere mopitirira: ntchito ya m'mafakitalemo inali ya nyengo yokolola yokha, ambiri oigwira anali amayi a mabanja ochokera ku Italy, Portugal ndi Mexico, ndipo alimi a mtundu wa Chijapani anachotsedwa m'minda mwawo mu 1942 n'kukatsekeredwa m'misasa. Komabe malo anali ambiri ndipo anali otsika mtengo.

Chimene chinasintha zonse ndi ndalama za nkhondo pamodzi ndi yunivesite ya Stanford. Frederick Terman, mkulu wa za uinjiniya pa yunivesitepo, analimbikitsa kuti gawo la malo a sukuluyo libwereketsedwe kwa makampani, ndipo Stanford Industrial Park inayamba mu 1951. Hewlett-Packard inali itabadwa kale ku Palo Alto mu 1939. Lockheed inatsegula fakitale ya mizinga ku Sunnyvale mu 1956, chaka chomwecho William Shockley anayambitsa kampani yake ku Mountain View, ndipo akatswiri asanu ndi atatu omwe anamuthawa anayambitsa Fairchild Semiconductor mu 1957, kumene kunadzachokera Intel mu 1968. Anthu anakhamukira kumeneko. Mu 1950 analipo 290,547, mu 1960 anafika 642,315, ndipo mu 1970 anali 1,064,714. Chofunika kuchiona bwino n'chakuti m'zaka 20 zimenezi, pamene chiwerengero cha anthu chinawirikiza koposa katatu, nyumba sizinathawe anthu wamba. Kalembera wa 1970 anapeza kuti nyumba ya pakatikati mu California inali ya madola 23,100, pamene banja la pakatikati linkapeza madola opitirira pang'ono 10,000 pa chaka. Malipiro a zaka ziwiri ndi miyezi ingapo ankakwana mtengo wa nyumba. Lero ku Santa Clara malipiro a zaka khumi sakwana.

Chinsinsi cha nthawi imeneyo sichinali chachikulu: ankamanga. A. P. Hamann, amene anthu ankamutcha Dutch, anayendetsa mzinda wa San Jose kuyambira 1950 mpaka 1969, ndipo m'nthawi yake mzindawo unalanda timadera tozungulira maulendo opitirira 1,000, n'kumakokera misewu ndi mapaipi a zonyansa mpaka m'kati mwa minda ya zipatso. San Jose inachoka pa anthu 95,000 kufika pafupifupi 450,000. Boma lalikulu la dzikolo linkatsimikizira ngongole za nyumba kudzera ku Federal Housing Administration, ndipo asilikali obwera ku nkhondo ankakongola popanda kutsogoza ndalama zambiri chifukwa cha lamulo la 1944 lotchedwa GI Bill. Apa msonkho unayamba kale kuonetsa mphamvu zake, ngakhale anthu ambiri sakumbukira mbali imeneyi. Munda wa maapurikoti ukayandikana ndi mdadada watsopano wa nyumba, woyesa mitengo ya malo ankauwerengera monga malo omangapo nyumba, osati monga munda, ndipo msonkho unkakwera kuposa phindu la zipatso. Mlimi ankagulitsa. Lamulo la Williamson Act, lolola kuti munda uzikhomeredwa msonkho monga munda, linabwera mu 1965, minda yambiri ya kumpoto kwa chigwacho itapita kale.

Ngakhale m'nyengo yokoma imeneyi, khomo silinatsekukire aliyense. Mapangano a m'zikalata za malo ankaletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda ndi a ku Asia, ndipo ngakhale Khoti Lalikulu linagamula mu 1948 kuti makhoti asamakakamize mapangano oterowo, ogulitsa nyumba ndi obwereketsa ndalama anapitiriza tsankho mwa njira zina. Ford itasamutsa fakitale yake kuchoka ku Richmond kupita ku Milpitas mu 1955, antchito ake akuda anasowa kogula nyumba pafupi, mpaka bungwe la antchito la United Auto Workers linachita kulimbana kuti pamangidwe Sunnyhills, mudzi wolandira mitundu yonse. Womanga nyumba Joseph Eichler ankagulitsa kwa aliyense, koma anzake ambiri sankatero. Mabanja ochokera ku Mexico anaunjikana kum'mawa kwa San Jose, m'malo ngati Sal Si Puedes, kopanda misewu ya phula. Ndipo mu 1964 ovota a California, pafupifupi awiri mwa atatu alionse, anafafaniza lamulo loletsa tsankho pa nyumba, ngakhale makhoti anadzalibwezeretsa. Nkhaniyi si yapambali. Amene anatsekeredwa kunja m'zaka zimene nyumba zinali zotsika mtengo ndi omwewo amene ana awo analibe cholowa pamene malamulo anadzayamba kupatsa mphoto munthu chifukwa chofika msanga.

Panalinso kugawikana kwina, kwa mizinda. Poopa kumezedwa ndi San Jose, madera ambiri anadzilembetsa okha kukhala mizinda: Campbell ndi Los Altos mu 1952, Milpitas mu 1954, Cupertino mu 1955, Saratoga ndi Los Altos Hills mu 1956. Lero m'kaunti imodziyi muli mizinda 15, uliwonse ndi khonsolo yake yogamula chomangidwa pa malo ake. Los Altos Hills inakhazikitsa kuti puloti isachepere ekala imodzi. Mizinda ya kumpoto monga Palo Alto, Mountain View, Sunnyvale ndi Santa Clara inakokera kwa iyo mafakitale ndi maofesi, amene amalipira msonkho koma satumiza ana ku sukulu, ndipo ntchito yogoneka antchitowo inasiyidwa kwa San Jose. Mpaka pano Palo Alto ili ndi ntchito pafupifupi zitatu pa wantchito mmodzi aliyense wogona mumzindamo, pamene San Jose, mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni, imatsanula anthu ake m'mawa kupita kukagwira ntchito kwina. Nambala imodzi ya kaunti yonse imabisa zimenezi.

M'zaka za m'ma 1970 zinthu ziwiri zinachitika pamodzi, ndipo ndi zimene zinaumba Santa Clara ya lero. Choyamba, anthu omwe anali atagula kale nyumba anatopa ndi kukula kwachisawawa. Anali ndi zifukwa zomveka: m'masukulu ena ana ankaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, misewu inadzaza, mpweya unada, ndipo minda yomwe inawakopa inali itatha. Mu 1973 ovota a San Jose analetsa kuvomereza nyumba zatsopano m'madera amene masukulu anali odzaza, ndipo mzindawo unayamba kudziikira malire a komwe ungafikitse misewu ndi mapaipi. Kuleka kumwazikira m'minda kunali kwanzeru. Cholakwika chinali chakuti atatseka njira yokulira m'mbali, sanatsegule yokulira m'mwamba. Pofika 2019, pafupifupi 94 peresenti ya malo okhalamo anthu mu San Jose inali yololedwa nyumba imodzi yokha ya banja limodzi pa puloti. Chachiwiri chinali msonkho. Pakati pa 1970 ndi 1980 mtengo wa nyumba ya pakatikati mu California unachoka pa madola 23,100 kufika pa 84,500, ndipo popeza msonkho unkatsata mtengo wa pamsika, mabilu anakwera mofulumira kuposa malipiro, pamene boma la California linali litasunga ndalama zotsala mabiliyoni angapo. Howard Jarvis ndi Paul Gann anasonkhanitsa masiginecha, ndipo pa 6 June 1978 ovota pafupifupi 65 pa 100 alionse anavomereza Proposition 13.

Lamuloli liyenera kumvetsedwa mwatsatanetsatane, chifukwa mphamvu yake ili m'timfundo tating'ono. Linati msonkho wa malo usapitirire 1 peresenti ya mtengo wolembedwa m'kaundula. Linabweza mitengo ya m'kaundulayo pa mlingo wa 1975. Linati mtengo wolembedwawo usakwere kupitirira 2 peresenti pa chaka, msika ukwere bwanji. Koma nyumba ikagulitsidwa, imalembedwa mwatsopano pa mtengo umene wogulayo walipira. Tiyerekeze nyumba ziwiri zofanana, zoyandikana, ku Sunnyvale. Yoyamba inalembedwa madola 50,000 mu 1975 ndipo sinagulitsidwepo. Ngakhale mtengo wake wa m'kaundula utakwera ndi 2 peresenti chaka chilichonse, pofika 2024 sungapitirire madola 135,000, choncho msonkho wake woyambira suposa madola 1,350. Yachiwiri yagulidwa mu 2024 pa madola 2 miliyoni, ndipo mwiniwake alipira madola 20,000 chaka choyamba. Msewu ndi umodzi, sukulu ndi imodzi, galimoto ya ozimitsa moto ndi imodzi, koma wina akulipira kuwirikiza pafupifupi 15 kuposa mnzake. Zili ngati pa chitsime m'mwezi wa Okutobala, pamene wolawirira amatunga madzi oyera, wochedwa n'kupala matope. Stephanie Nordlinger, loya wa ku Los Angeles amene ankalipira pafupifupi kasanu kuposa anansi ake ena, anakasuma, koma mu 1992 Khoti Lalikulu la America linagamula kuti kusiyanaku sikuphwanya malamulo oyendetsera dziko, woweruza John Paul Stevens yekha ndi amene anatsutsa. Mu 1986 ovota anali atawonjezera kale kuti ana angathe kulandira nyumba ya makolo pamodzi ndi msonkho wake wotsika. Motero chaka chofikira chinasanduka cholowa cha pabanja.

Zotsatira zake pa mtengo wa nyumba sizovuta kuzitsata. Mwininyumba wakale akasamuka angathe kutaya msonkho wake wotsika, choncho ambiri sasamuka ngakhale ana atakula n'kuchoka, ndipo nyumba zopezeka pamsika zimachepa. Mwini puloti yopanda kanthu sathamangira kumanga, poti kuisunga sikumudyera ndalama zambiri. Ndalama za msonkho wa malo zopita ku makhonsolo ndi masukulu zitagwa ndi kuposa theka m'chaka choyamba, mizinda inatembenukira ku msonkho wa pa malonda ndi ku ndalama zolipiritsa omanga nyumba zatsopano, zomwe pamapeto pake amazisenza ndi wogula kapena wa lendi. Koma chachikulu koposa, m'kuona kwanga, chili pa ndale. Kale mtengo wa nyumba ukakwera, mwiniwake ankamva kupweteka pa bilu ya msonkho, ndipo anali ndi chifukwa chofunira kuti mitengo isalumphe. Kuyambira 1978 kukwera kwa mtengo n'phindu lokhalokha kwa iye. Akaimirira pa msonkhano wa khonsolo kukana mafulati pafupi ndi kwawo, palibe chimene amaluza, ndipo kusowa kwa nyumba kumene iye wathandiza kumawonjezera chuma chake.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani ya msonkho pamene chifukwa chenicheni n'choonekeratu: kumeneko kuli Apple, Google, Intel ndi Nvidia, anthu amalandira ndalama zambiri, ndipo chigwa chapanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja. Mawu amenewa ali ndi choonadi. Boston ndi Seattle alibe Proposition 13 koma nyumba kumeneko n'zodulanso, ndipo palibe woona mtima amene anganene kuti lamulo limodzi ndi lomwe linachita zonse. Koma kuchuluka kwa ofuna nyumba pakokha sikufotokoza mbiriyi. Pakati pa 1950 ndi 1970 kauntiyi inalandira anthu atsopano opitirira 770,000 ndipo nyumba zinakhalabe zotheka kugula. Pakati pa 2000 ndi 2020 inawonjezera anthu pafupifupi 250,000 okha, kufika pa 1,936,259, koma mitengo inauluka. Zoona, m'nthawi ya Hamann panali minda yomangapo, lero palibe. Koma kutha kwa minda sikutha kwa malo, pamene makilomita ndi makilomita a nyumba zapansi azungulira masiteshoni a sitima ya Caltrain, ndipo malamulo a mizinda ndi amene ankaletsa kusanjikiza. Apple inatsegula likulu lake latsopano ku Cupertino mu 2017, la antchito pafupifupi 12,000, pomwe mkangano womanga nyumba pa malo a msika wakufa wa Vallco, pafupi pomwepo, unatenga zaka zambiri. Mzinda umene umavomereza maofesi mosavuta n'kumakana nyumba sungaloze chala mapiri.

Mawu ena otsutsa ndi olemera kwambiri, ndipo ndimawalemekeza. Amati Proposition 13 inapulumutsa okalamba. Mayi wamasiye wodalira penshoni, amene anamaliza kubweza ngongole ya nyumba yake kalekale, sayenera kuthamangitsidwa ndi msonkho chifukwa choti achinyamata a makompyuta akweza mitengo m'dera lake. Izi n'zoona, ndipo mantha a 1978 sanali ongopeka. Funso n'lakuti kodi mankhwala ake anayenera kukhala amenewa. California inali itayamba kale, mu 1977, kulola okalamba opeza zochepa kuti aimike kulipira msonkho mpaka nyumba itagulitsidwa, ndipo pa tsiku lomwe anavotera Proposition 13 panalinso Proposition 8, yomwe ikanalola kutsitsa msonkho wa nyumba zogonamo eni ake zokha. Imeneyo inagwa. Lamulo lomwe linapambana silifunsa zaka za munthu kapena kuchuluka kwa zomwe amapeza. Limateteza wamasiye uja, koma limatetezanso mofanana landilodi wa nyumba makumi awiri, kampani yokhala ndi maekala a maofesi, ndi mwana wolemera amene walandira nyumba ya makolo. Ofesi ya Legislative Analyst, yomwe imalangiza nyumba ya malamulo ya California mosakondera chipani, inapeza mu 2016 kuti gawo lalikulu la mpumulo wa msonkhowu limapita kwa mabanja opeza bwino. Wa lendi, amene sanatchulidwe n'komwe m'lamulolo, amalipira mtengo wa pamsika wa lero ngakhale landilodi wake akukhoma msonkho wa mitengo ya zaka 40 zapitazo.

Tsopano tibwerere ku nambala yonyaditsa ija, madola 150,000. Anthu amaitenga ngati umboni wakuti deralo limalemeretsa okhalamo. Mbali ina ndi choncho, koma mbali ina nambalayi imakwera chifukwa osauka akuchoka. Mphunzitsi, namwino kapena woyendetsa basi akalephera lendi n'kusamukira ku Los Banos kapena ku Stockton, makilomita opitirira 100 kuchoka ku San Jose, malipiro ake amachotsedwa m'chiwerengero cha Santa Clara ngakhale akugwirabe ntchito komweko, n'kumadzuka usiku kuti awoloke Pacheco Pass, kapena akwere sitima ya Altamont imene inayamba kuyenda mu 1998 chifukwa cha anthu ngati iyeyo. Akachoka, malipiro a pakatikati a otsala amakwera, ndipo pa pepala kauntiyo imaoneka kuti yatukuka. Boma lenilenilo limavomereza kuti nambalayi siigwira monga imamvekera: mu 2023, pa mlingo wa unduna woona za nyumba wa dzikolo, banja la anthu anayi lopeza madola 130,000 pa chaka ku Santa Clara linkawerengedwa m'gulu la opeza zochepa. Osatha kusamuka ndi amene ankagona m'mphepete mwa mtsinje wa Coyote Creek, pa msasa waukulu wotchedwa The Jungle umene unagwetsedwa mu Disembala 2014, ndi amene amagona m'magalimoto m'misewu ya Mountain View.

Sikuti anthu a kumeneko sakuona vutoli. Mu 2016 ovota a kauntiyi anavomereza ngongole ya madola 950 miliyoni yomangira nyumba za opeza zochepa. Mu 2020 California inachepetsa mwayi wolandira msonkho wotsika wa makolo, ndipo mu 2021 inakhazikitsa lamulo lolola kugawa puloti ya banja limodzi n'kumangapo nyumba zingapo. Koma mu 2020 momwemo Proposition 15, yomwe inkafuna kuti malo a makampani okha azikhomeredwa pa mtengo wa pamsika, osakhudza nyumba zogonamo, inagwa, ovota pafupifupi 52 pa 100 alionse ataikana. Ndipo malamulo a boma la California akatsika, owagwiritsa ntchito amakhalabe makhonsolo 15 aja, osankhidwa ndi anthu ogona m'mizindamo. Namwino wogwira ntchito ku Palo Alto koma wogona ku Los Banos amavota ku Merced County, kumene kulibe ulamuliro ulionse pa puloti za ku Palo Alto.